Nyengo yoyoyoka masamba: kodi ndine ndekha amene ndimaikonda chonchi?

Tsambalofiira:
Abale, lero m'mawa nditangotsegula chitseko, kamphepo kozizira kandilowa m'khosi mwa malaya ndipo mtima wanga wangoti myaa. Miyezi itatu yathayi ndakhala ndikugona mogubuduzika ngati ndagonera makala, zenera lotsegula, thukuta kamukamu. Lero ndavundukula sutikesi ndatulutsa juzi. Kwa ine, kuno kumaiko ozizira, palibe nyengo yoposa ino, imene dzuwa lafewa, masamba ayamba kusintha mtundu, kunja sikukutentha komanso sikunafike pozizira moluma. Azungu amaitcha autumn. Ndikufuna ndimve kwa inu, nyengo yanu ndi iti? Koma osangoti "ndimangoikonda basi", mufotokoze chimene chimakukokani.

Mwanawadzuwa:
Achemwali, walira mvula walira matope. Inu mukusangalalira masamba achikasu, koma kumbuyo kwake kukubwera mdima wa folo koloko masana ndi zala zouma ndi chisanu. Ine ndipatseni dzuwa. Kabudula, malaya amodzi, kunja kukuwala mpaka naini koloko usiku. Nyengo yanuyo ndi maliro a chilimwe, kungoti malirowo avala zokongola.

Tsambalofiira:
Hahaha, maliro ovala zokongola! Achimwene, kuzizira ndimatha kukugonjetsa, ndimangowonjezera chovala china. Nanga kutentha? Ukavula zonse watsala ndi khungu, ulivulanso?

Namzeze:
Ndisanalowe m'mkanganowu, dzina la nyengo ya autumn imeneyi m'Chichewa ndi chiyani kwenikweni? Ndimaona ena akulemba kuti "nthawi yophukira", koma kuphukira ndiye kutuluka kwa masamba atsopano, osati kugwa kwake. Zimandisokoneza.

Aphunzitsi Opuma:
Mwafunsa bwino a Namzeze. Amene amalemba "yophukira" amatembenuza zinthu chadodolido. Mawu athu anabadwira kumene chaka chimagawika ndi mvula: dzinja, masika, chisanu, chilimwe. Mawu oyandikira kwambiri ndi masika, chifukwa ndi nthawi imene zomera zakhwima, kutentha kukutha ndipo kuzizira kuli pafupi. Koma sizifanana ndendende. Ine ndimangoti nyengo yoyoyoka masamba, aliyense amamva.

Pamene ndayamba kulankhula, ndiloleni ndikonze kanthu kamene ana asukulu ankandilembera molakwika chaka ndi chaka. Ambiri amaganiza kuti kumazizira chifukwa dziko latalikirana ndi dzuwa. Ayi ndithu. Dziko limayandikira dzuwa kwambiri kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikira kwambiri kumayambiriro kwa Julayi, pafupifupi 152 miliyoni. Januwale yemweyo ndi pamene ku Europe ndi ku Canada kuli chisanu chadzaoneni. Chimene chimabweretsa nyengo ndi kupendekeka kwa dziko, madigiri 23 ndi theka. Mbali imene yaweramira kudzuwa imalandira kuwala kolunjika ndi masana aatali, inayo imalandira kuwala kopendekeka ndi masana aafupi. N'chifukwa chake kumpoto kwa dziko lapansi nyengo yoyoyoka masamba imayamba pa 22 kapena 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zatsala pang'ono kufanana, koma kummwera, monga ku Argentina ndi ku New Zealand, imayamba pa 20 kapena 21 Malichi. Azanyengo safuna zovuta, iwo amangowerenga miyezi yathunthu: kumpotoko ndi Seputembala, Okutobala, Novembala.

Mwanawadzuwa:
Aphunzitsi, mwapuma ntchito koma choko sichinachoke m'manja.

Aphunzitsi Opuma:
Chikachoka mudzamva kuti ndatsogola, mwanawe.

Kadzidzi:
Ine ndiyankhula zosiyana pang'ono, ndipo a Tsambalofiira musandimve molakwa. Nyengo imene mukuiyamikirayi ine ndimaiopa. Masamba ndimawaona kuti ndi okongola, maso ndili nawo. Koma tsamba loyamba likangosanduka lachikasu, m'mimba mwanga mumachita ngati mwagwera mwala, chifukwa ndikudziwa chikubwera. Ndimagwira ntchito m'nyumba yopanda mazenera okwanira. Ikafika Novembala ndimapita kuntchito kuli bii, kuweruka kuli bii. Thupi limalemera, tulo sititha, kucheza ndi anthu kumakhala ngati kusenza katundu. Zaka ziwiri zoyambirira ndinkangodzitcha waulesi.

Tsambalofiira:
Pepani amayi, sindinaganizire mbali imeneyo. Ndiye mumatani?

Kadzidzi:
Ndinapita kwa dokotala, ndipo anandiuza kuti ndi vuto lodziwika, kukhumudwa kobwera ndi nyengo. Pachingerezi amalifupikitsa kuti SAD. Analifotokoza koyamba mwatsatanetsatane ndi Dr. Norman Rosenthal ndi anzake ku America mu 1984. Kuchepa kwa kuwala kumasokoneza wotchi ya m'thupi, imene imatiuza nthawi yogona ndi yodzuka. Panopa ndili ndi nyale yapadera yowala kwambiri, ya 10,000 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), ndimakhala pafupi nayo mphindi 30 m'mawa uliwonse kuyambira Okutobala. Imandithandiza, ngakhale siichotsa zonse. Amene mukumva zofananazi, musadzigulire nyale mwachisawawa, yambani mwaonana ndi dokotala, makamaka ngati muli ndi vuto la maso kapena mukumwa mankhwala ena.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi liwiro lake. Tengani London mwachitsanzo. Mu Juni masana amapitirira maola 16 ndi theka, pofika Disembala safika maola 8. Ndipo kuchepako kumathamanga kwambiri mu Seputembala momwemo, tsiku lililonse likudya pafupifupi mphindi zinayi. Kenako Lamlungu lomaliza la Okutobala ku Europe amabweza wotchi ndi ola limodzi, mdima n'kugwa msanga ngati wina wazimitsa magetsi.

Namzeze:
Amayi, thokozani kuti simuli ku Tromsø ku Norway. Kumeneko dzuwa likalowa kumapeto kwa Novembala limadzatulukanso pakati pa Januwale.

Kadzidzi:
Kumeneko angandinyamule pa machira.

Gogo Wamvula:
Ana inu mukukangana za nyengo zinayi ngati dziko lonse lili nazo. Anthu ambirimbiri okhala m'madera otentha amadziwa ziwiri zokha, yamvula ndi yopanda mvula. Ine nyengo yanga ndi tsiku limodzi lokha pa chaka, tsiku la mvula yoyamba. Kwatentha miyezi, fumbi lili kobo, mitengo ili mbuu, kenako mitambo yakuda, kamphepo, madontho akuluakulu pafumbi, ndiye fungo lija. Fungo limenelo ndikalimva ndimabwerera ku utsikana. Masamba anu ofiirawo alibe fungo lotero.

Aphunzitsi Opuma:
Agogo, fungo lanulo lili ndi dzina. Asayansi awiri a ku Australia, Isabel Bear ndi Richard Thomas, analitcha petrichor mu 1964. Mbali ina limachokera ku mafuta amene zomera zimasiya panthaka ndi pamiyala nthawi yachilala, mbali ina ku tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi timene timapanga chinthu chotchedwa geosmin. Mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitakhala chochepetsetsa.

Gogo Wamvula:
Aphunzitsi, iwo anapeza dzina mu 1964, ife tinali tikulinunkhiza kale.

Tsambalofiira:
Agogo mwandiseketsa. Koma mukudziwa, ndikuona kuti inu ndi ine tikukonda chinthu chimodzi. Inu mukukonda mvula yoyamba, ine m'mawa woyamba wozizira. Zonsezi ndi kupuma pambuyo pa kutentha. Mvula ya mwezi wachitatu, pamene zovala sizikuuma ndipo nsapato zachita nkhungu, mumaikondabe?

Gogo Wamvula:
Iyayi, imeneyo ndimaitukwana.

Tsambalofiira:
Ndiye basi. Inenso kumapeto kwa Novembala, mitengo itatsala mbulanda ndipo masamba asanduka phala lakuda m'misewu, sindimaimbanso nyimbo.

Mwanawadzuwa:
Mwavomera nokha! Ndiye simukonda nyengo yonse, mukukonda masabata atatu.

Tsambalofiira:
Mwina anayi. Koma masabata anayi amenewo amaposa miyezi yanu itatu yathukuta. Ndipo si masamba okha. Kuwala kwake mwakuonetsetsa? Dzuwa la chilimwe limagwa pamutu ngati nyundo, zinthu zonse zimaoneka zoyererako. La nyengo ino limabwera chammbali, lofiirira ngati golide, mithunzi italiitali ngakhale masana. Khoma wamba limene sunaliyang'anepo limaoneka ngati lapakidwa utoto. M'mawa nkhungu yagona pamadzi, ukonde wa kangaude wadzaza mame. Ndimachedwa kuntchito chifukwa choima n'kumangoyang'ana.

Wapanjanji:
Kuwala kwanu kwa golideko kwa ife oyendetsa ndi mdani. Dzuwa likakhala pansipansi limalowa m'maso molunjika, zikwangwani osaziona bwino. Ndipo za masamba ndisayambe n'komwe. Ine ndimayendetsa sitima. Masamba onyowa akagwera pa njanji, mawilo amawapera n'kusanduka kantchintchi kakuda koterera ngati sopo. Ukamanga mabuleki sitima imangoseseleka, ukafuna kunyamuka mawilo amangozungulira pamalo amodzi. N'chifukwa chake nyengo ino timayamba kumanga mabuleki patali ndipo sitima zimachedwa. Anthu papulatifomu amaseka akamva chilengezo choti kwachedwa chifukwa cha masamba, amayesa bodza. Usiku kumayenda sitima zapadera zotsuka njanji ndi madzi amphamvu ndi kuthira mchenga. Ndiye inu mukajambula tsamba lanu lofiira, mudziwe kuti kwinakwake wina akulitukwana.

Namzeze:
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsambalofiira:
Bambo a Wapanjanji, ndapepesa m'malo mwa mitengo yonse.

Mwanawadzuwa:
Koma zoona, aphunzitsi, tsamba limafiira chifukwa chiyani? Ine ndinkayesa kuti likungowola.

Aphunzitsi Opuma:
Silikuwola, likusamutsa katundu. Tsamba limaoneka lobiriwira chifukwa cha chlorophyll, chimene chimagwira kuwala kwa dzuwa kuti mtengo upange shuga wake. Masana akayamba kufupika, mtengo umadziwa kuti chisanu chili panjira. Tsamba lopyapyala lodzaza madzi silingapirire madzi akaundana, komanso nthaka ikauma ndi chisanu mizu siingathe kukoka madzi olowa m'malo mwa amene masamba akutaya. Ndiye mtengo umasankha kuwataya. Koma sutaya mosasamala. Umayamba waphwanya chlorophyll n'kubweza zofunika, makamaka nayitirojeni, kuzisunga m'nthambi ndi m'mizu kuti zidzagwire ntchito chaka chamawa. Zili ngati munthu wosamuka amene akutulutsa mipando m'nyumba asanaigwetse.

Kubiriwira kukachoka, mtundu wachikasu ndi wa olenji umaonekera. Umenewo unalimo kuyambira kale, unkangobisika. Koma wofiira ndi nkhani ina, ndipo ndi umene umandisangalatsa. Mtundu wofiira ndi wapepo, wotchedwa anthocyanin, mtengo umaupanga chatsopano nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba. Taganizani, tsamba latsala ndi masiku ochepa, koma mtengo ukuwonongerapo mphamvu kulipaka utoto. Maganizo amene asayansi ambiri amawatsatira ndi akuti kufiirako kumateteza tsamba ku kuwala kwa dzuwa pamene katundu akusamutsidwa. N'chifukwa chake chaka chimene masana kuli dzuwa lowala ndipo usiku kukuzizira koma osaundana, mitengo imafiira psuu. Chaka cha mitambo ndi mvula yambiri, mitundu imakhala yofooka.

Pomaliza, patsinde pa kaphesi ka tsamba pamamera timaselo timene timatseka njira ya madzi, ndipo kamphepo kochepa kamangomaliza ntchito.

Namzeze:
Akuluakulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Kumeneku ndiye mtengo ulibe manyazi, ukuwagwetsa dala.

Aphunzitsi Opuma:
Ilipo yamanyazi. Mitengo ina ya oak ndi beech, makamaka yaing'ono, imakakamira masamba ouma chisanu chonse mpaka atsopano adzawakankhe. Mtengo wa ginkgo ndiye wopanda chisoni, umatha kukhuthula masamba ake achikasu pafupifupi onse m'tsiku limodzi kapena awiri chisanu champhamvu chikangomenya.

Gogo Wamvula:
Kufiira kwa masamba musakuyese kwa maiko ozizira okha. M'nkhalango za miombo masamba amafiiranso, phiri lonse psuu, mvula itatsala pang'ono. Kungoti amenewo ndi masamba atsopano, akubadwa kumene.

Aphunzitsi Opuma:
Agogo mwalasa. Utoto wake ndi womwewo, ndipo zikuoneka kuti ntchito yakenso ndi yofanana, kuteteza tsamba losalimba ku dzuwa. Kwina umaphimba khanda, kwina umaphimba nkhalamba.

Tsambalofiira:
Izi ndiye sindinkazidziwa. Ine maloto anga ndi kudzaona mapiri a ku Vermont ku America kumayambiriro kwa Okutobala, kapena minda ya ku Kyoto ku Japan mu Novembala. Ndimamva kuti kummawa kwa North America ndi kummawa kwa Asia ndi kumene kufiira kumachuluka, pamene ku Europe mitengo yambiri imathera pa chikasu.

Aphunzitsi Opuma:
Mwamva zoona. Mitengo ya maple ndi imene imatsogolera. Canada anafika poika tsamba lake lofiira pa mbendera mu 1965.

Mwanawadzuwa:
Chabwino, masamba mwapambana. Koma ndiyankheni ichi. Madigiri 15 mu Epulo anthu amavula majekete, kukhala pa udzu, kumwetulira. Madigiri 15 omwewo mu Okutobala aliyense wadzikulunga mpango. Ndiye kuti nyengo yanuyi ndi yozizira mumtima, osati pa thupi pokha.

Kadzidzi:
Apa ndili mbali yanu achimwene. Mu Epulo ukupita kokuwala, mu Okutobala ukupita kumdima. Nambala ndi imodzi koma ulendo ndi wosiyana.

Aphunzitsi Opuma:
Mtima ulipo, koma thupinso lilipo. Thupi limazolowera kutentha kapena kuzizira pakapita masiku angapo mpaka masabata awiri. Wochokera m'chisanu amamva 15 ngati moto, wochokera m'chilimwe amamva 15 ngati madzi a m'chitsime. Chodabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa nyengo yoyoyoka masamba nthawi zambiri kumakhala kofunda kuposa kumayambiriro kwa nyengo yophukira, ngakhale kutalika kwa masana kuli kofanana. Madzi amachedwa kutentha ndipo amachedwa kuzizira, ndiye nyanja zimakhala zikadasunga kutentha kwa chilimwe. Mukafuna kusambira m'nyanja kumpoto kwa dziko lapansi, Seputembala amaposa Juni. Kutentha kwa madzi komweko ndi kumene kumadyetsa mphepo zamkuntho za pa nyanja ya Atlantic, n'chifukwa chake zimafika pachimake cha m'ma 10 Seputembala.

Mwanawadzuwa:
Mwaona! Nyengo ya mikuntho. Ya chimfinenso, ana akangobwerera kusukulu nyumba yonse kutsokomola.

Tsambalofiira:
Achimwene, tisawerengerane mitembo, chifukwa chilimwe chanu chili ndi yake. Kutentha kwa mu 2003 kunapha anthu oposa 70,000 ku Europe, ambiri mwa iwo okalamba okhala okha m'nyumba. Pa 19 Julayi 2022 ku Britain kunapitirira madigiri 40 koyamba chiyambire kulemba za nyengo. Inu mumakonda dzuwa chifukwa ndinu mnyamata, mumatha kuthawira kumadzi. Funsani womanga nyumba amene ali padenga masana, kapena mayi woyembekezera. Ndipo kukakhala chinyontho thukuta siliuma, ndiye thupi silizizira ngakhale ukhale pamthunzi. Usiku ndiye chilango, chifukwa kuti munthu agone bwino thupi liyenera kuzizirako pang'ono. Tulo tokoma timene ndimagona usiku woyamba wofunda bulangeti sinditipeza mwezi wina uliwonse.

Wapanjanji:
Pamenepo ndikuvomerezani, ngakhale ndimadana ndi masamba anu. Kutentha kukanyanya njanji zimafutukuka mpaka kupindika, ndipo timayenda pang'onopang'ono kuposa nthawi ya masamba. Kunena zoona ntchito yathu ilibe nyengo yabwino.

Kadzidzi:
Ndionjezere kamodzi, kenako ndikagone. Kukonda kuzizira n'kosavuta ukakhala ndi nyumba yofunda ndi jekete labwino. Amene amaopa bilu ya magetsi, kapena ogona panja, kamphepo kanu koyambako amakamva ngati belu lochenjeza. Sindikunena kuti musiye kusangalala, achemwali, ayi. Ndikungonena kuti tikamati ndimakonda nyengo yakuti, nthawi zambiri tikunena za moyo umene tili nawo m'nyengo imeneyo.

Tsambalofiira:
Sindingatsutse amayi. Chaka china ndinkakhala m'chipinda chimene zenera lake silinkatsekeka bwino, mwini nyumba akungolonjeza. Chaka chimenecho sindinajambule tsamba ngakhale limodzi.

Namzeze:
Palibe amene wandifunsa ine nyengo yanga. Ine ndimatsatira dzina langa. Anamzeze akaona masana akufupika ku Europe sachita mkangano, amasonkhana pa mawaya, n'kunyamuka kudutsa nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara, ena mpaka kummwera kwenikweni kwa Africa, makilomita pafupifupi 10,000, kambalame kolemera magalamu 20 okha. Amakapeza chilimwe china. Kukayamba kuzizira kumeneko amabwerera. Moyo wawo wonse sadziwa chisanu.

Mwanawadzuwa:
Ameneyo ndiye m'bale wanga weniweni.

Gogo Wamvula:
Kambalameko kalibe pasipoti ndi lendi, mwanawe. Iwe khala pomwepo ugule juzi.

Tsambalofiira:
A Kadzidzi, Loweruka m'mawa dzuwa likatuluka ndimayenda ola limodzi m'munda wa mitengo pafupi ndi kwathu. Mukayesa kuchita chimodzimodzi kumene muliko mudzandiuze. Sindikukunyengererani kuti mukonde nyengo yanga, koma kuwala kwa panja, ngakhale kuli mitambo, kumaposa kwa m'nyumba kutali.

Kadzidzi:
Dokotala anandiuzanso zomwezo, ndimangozengereza. Ndiyesa Loweruka. Mukadzamva kuti ndaterereka pa masamba onyowa, mlandu ndi wanu.

Wapanjanji:
Muyambe kumanga mabuleki patali, amayi.

Tsambalofiira:
Ine ndatuluka kaye ndikasese pakhomo. Dzulo ndinaunjika mulu waukulu pakona, usiku mphepo yabweza onse, ena si a mtengo wanga n'komwe.